Oilo wa Pachigayo

1. Makiyi kwa wina, injini kwa wina

Pakhomo pa Che Abdulhamid ku Kaduya panali galimoto imodzi, pikiapu yoyera ya dizilo. Ndiyo inkanyamula mpunga kuchokera kuchigwa kupita ku Migowi, ndiyo inkadyetsa banja lonse, ndiyonso inkaphunzitsa Nusaiba, mwana wawo woyamba. Kupatula galimotoyo, pakhomopo panalibe china cholozeka.

M'mwezi wa Febuluwale Che Abdulhamid anagwa pamsika, ndipo atatuluka m'chipatala anali atafa mbali yakumanja. Mwendo ankachita kuukoka, mkono sunkagwira, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi movutikira. Zoyendetsa galimoto zinathera pomwepo.

Choncho anaitana mlamu wawo, Che Jabiri, mchimwene wa mayi a Nusaiba, kuti adzagwire chiwongolero. Che Jabiri anayendetsapo lole pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Mukawapatsa moni, moni wake usanathe mwamva kale za loleyo.

Nusaiba anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anali chaka choyamba pa sukulu ya ntchito zamanja kumene ankaphunzira umakaniko. Atabwera kutchuthi mu Julaye, bambo ake anamuitana pakhonde pamodzi ndi amalume akewo. Zinawatengera nthawi kuti amalize mawu, koma anamaliza. Anati Jabiri aziyendetsa, koma za m'kati mwa injini aziona ndi Nusaiba. Kenako anapatsa Nusaiba buku la galimotoyo, limene ankalisunga m'jumbo pansi pa matiresi.

Che Jabiri anavomera pakamwa pokha. Munthu wa lole ya ku esiteti kuuzidwa zochita ndi mwana wa mchemwali wake, komanso wamkazi, zinawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Patapita masiku atatu Nusaiba anaona kuti makilomita osinthira oilo akwana. Amalume ake anati zachita bwino, chifukwa injiniyo inkawanyansa m'mawa uliwonse ndi kaphokoso kake kogogoda. Nusaiba anawauza kuti injini ya dizilo imagogoda choncho ikakhala yozizira, ndipo ikafunda kaphokosoko kamatha kokha. Iwo anangomuyang'ana n'kumuuza kuti akwere.

2. Kuyesa ndi zala

Atafika pa Migowi analowa mu sitolo ya zipangizo za galimoto imene ili pafupi ndi siteji ya minibasi. Nusaiba anatsegula buku, n'kupeza tsamba la oilo. Pa nyengo ngati ya kwathu kuno, bukulo linkalola oilo wa dizilo wolembedwa 15W-40. Anamuloza pa shelefu, natenganso fyuluta yatsopano.

Che Jabiri anauza mwini sitolo kuti awapatse chigubu chotsegula kale cha oilo yemweyo. Anaviika chala, nafikisa oiloyo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako anatalikitsa zalazo pang'onopang'ono akuyang'anitsitsa. Umu ndi mmene madalaivala ambiri akale amayesera oilo. Akatamuka ngati ulimbo amati ndi wamphamvu, akaduka msanga amati ndi madzi.

Oiloyo anaduka msanga. Che Jabiri anapukuta chala pa buluku, nakweza mawu kuti amve ndi a kabaza amene anali pakhomo pa sitolo.

"Iwe Nusaiba, tamvera ndikuuze. Oilo samuwerenga, amamugwira. Ine ndinayamba kugwira oilo mayi ako asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu wotchedwa Abdulhamid. Uyu akuthawa pachala, ndi madzi otsukira mpunga. Injini ndi chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake, ndipo pakati pake pamafunika chinthu cholimba, chonanda. Lole yanga inkamwa oilo wolimba, ndipo inakwera zitunda zonse za ku Mulanje itasenza tiyi mpaka pamwamba, osatsokomola ngakhale kamodzi. Manambala akowa analembera azungu a kwawo kozizira. Kuno ndi ku Phalombe, kumene dzuwa limasungunula phula pamsewu. Ukathira madzi amenewa, pofika masana amakhala atasanduka palafini. Miyezi isanu ya kusukulu isakupangitse kuona ngati takalamba ndi tulo. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Mwambi umenewu ndi wabwino, koma ndimamva chisoni ndi mmene anthu ena amaugwiritsira ntchito. Amautenga ngati chivindikiro chotsekera mwana pakamwa pamene iwo asowa choyankha.

Nusaiba anayesa kuwaonetsa tsambalo. Iwo anakankha bukulo ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kufunsa a kabaza aja ngati anaonapo galimoto yoyenda ndi mapepala. A kabazawo anaseka, monga amachitira anthu amene galimotoyo si yawo. Nusaiba anabweza chigubu pa shelefu, natuluka ndi fyuluta yokha.

Kuchoka apo anapita kuchigayo cha a Wyson, mnzawo wa Che Jabiri wa pabawo. Kuseri kwa chigayocho kunali mgolo wa oilo wopanda dzina, wopanda nambala, amene a Wyson ankathira mu injini yakale ya chigayo chawo. Che Jabiri anamuyesa ndi zala, ndipo anatamuka bwino. Anadzaza chigubu, ndipo kuti alimbe kwambiri anawonjezeramo botolo lonse la oilo wa giya. Atakhutchumula, zimene zinali m'chigubumo zinkayenda ngati uchi wa m'nyengo yozizira.

3. Chenjezo la a Thomson

Malo okhala ndi dzenje losinthira oilo anali a a Thomson, kuseri kwa msika. A Thomson anali makaniko wachikulire, wa ku Chiringa kwawo, amene anakonza galimoto ya Che Abdulhamid kuyambira tsiku limene anaigula. Anawalandira bwino, nafunsa za wodwala, kenako anatsegula chigubu chija n'kununkhiza. Anachitseka, n'kuchiika patali ndi galimoto.

Anafunsa kuti zimenezi akufuna kuthira pati. Che Jabiri anayankha kuti mu injini, nanga pati. Anafotokozanso monyoza za oilo wa manambala amene Nusaiba anasankha kusitolo, nati wawoyo ndiye athetse phokoso la m'mawa. A Thomson anakhala pansi pa tayala lakutha, napukuta manja ndi chisanza, ndipo anayankhula mosafulumira.

"Che Jabiri, inu ndi ine tinakulira pa malole amodzi. Zala zanuzo sizinkanama nthawi imene ija. Injini za kale zinali ndi njira zazikulu m'kati, ndipo zikakalamba tinkazipatsa oilo wolimba kuti zisiye kufuka. Koma iyi si lole yanu. Njira za oilo za m'kati mwa iyi ndi zing'onozing'ono, zina ngati kachubu ka bolopeni. Ndiye tayesani kukoka phala la dzulo ndi kachubu ka bolopeni muone ngati lingafike pakamwa.

"Komanso iyi ili ndi tabo, kachipangizo aka kali apa, kamene kamakankhira mpweya mu injini. M'kati mwake muli kachitsulo kozungulira mwa liwiro loti diso silingaone, ndipo kamayandama pa oilo basi. Mukaliza injini m'mawa, oilo ayenera kufika pamenepo nthawi yomweyo. Akachedwa, chitsulo chimadya chinzake. Simungamve tsiku loyamba, mwina ngakhale lachiwiri, koma chikudyeka.

"Manambala amene mukuwanyozawo ndi osavuta. Yoyamba ija, ya pafupi ndi W, imakuuzani mmene oilo amayendera kukazizira. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti m'mawa amathamanga msanga. Yachiwiri imakuuzani mmene amalimbira injini ikatentha. Ndiye oilo amene mwanayu anasankha amathamanga m'mawa, koma masana sasungunuka. Chala chanu sichingadziwe zimenezo, chifukwa chala chimagwira oilo wozizira wa m'chigubu, sichilowa mu injini yotentha. Ndipo wa dizilo amakhala ndi chilembo C pa chigubu, chifukwa dizilo amasiya mwaye wambiri umene oilo ayenera kunyamula. Wanuyu alibe dzina, alibe nambala, ndiye mwamusakanizanso ndi wa giya, amene anapangira mano a giya osati moto wa injini. Phokoso litha ndithu, sindikukana. Ngakhale mwana wolira mukamutseka pakamwa ndi nsalu amakhala chete. Ino ndi Julaye, chiperoni chikutsika m'phiri m'mawa uliwonse. Ine zimenezi sindithira, ndipo padzenje panga sizithiridwa."

Che Jabiri anati a Thomson akalamba ndipo ayamba kuopa galimoto za makono. Anati si iwo okha amene ali ndi sipanala mu Phalombe, ndipo ntchitoyo akaigwirira kunyumba. Ananyamula chigubu chawo n'kukalowa m'galimoto, chitseko n'kuchimenyetsa.

A Thomson anaitana Nusaiba pambali. Anamufunsa ngati kusukulu anamuphunzitsa zimene iwo anena, ndipo iye anavomera kuti ndi zomwezo.

"Ndiye mwana wanga, imva izi. Amalume ako ndi amalume ako, uziwapatsa ulemu mpaka kufa. Uziwagwadira powapatsa madzi, usawadule mawu, usawatchule dzina. Koma ulemu si kutseka pakamwa pamene ukuona nyumba ikupsa. Bambo ako anandiuza okha, ndi lilime lawo lolemeralo, kuti injini aipereka kwa iwe. Sanaipereke kwa ine, sanaipereke kwa Jabiri. Mmisiri amadziwika ndi ntchito imene wakana kugwira. Ukafika kunyumba, pita kwa bambo ako uwauze zonse sipanala isanakhudze nati. Akakalipa amalume ako, akalipe. Mkwiyo umatha pofika mawa, koma injini ikafa siimva kupepesa."

Nusaiba anawathokoza, nalonjeza kuti akanena. Hutala inalira kawiri, ndipo anathamangira kugalimoto.

4. Mapazi khumi

Anafika ku Kaduya dzuwa litapendeka. Che Jabiri anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, matayala akutsogolo atakwera pa njerwa. Che Abdulhamid anali pampando wawo pakhonde, atafunda bulangete m'miyendo. Kuchoka pagalimoto kufika pamene anakhalapo anali mapazi khumi okha.

Nusaiba anayamba kulunjika kukhondeko, koma amalume ake anamuimitsa ndi mawu apansipansi. Anati akudziwa zimene nkhalamba ija yamunong'oneza. Anati akangoyerekeza kukawaneneza kwa mlamu wawo, iwo asiya makiyi pakhomo pomwepo n'kubwerera kwawo, ndipo aone amene anganyamule mpunga wa anthu. Anamukumbutsanso kuti mwinimbumba ndi iwo, ndipo tsiku la ukwati wake amene adzayankhule ndi iwo, osati buku la m'jumbo.

Nusaiba anakhotera kukhitchini kwa mayi ake n'kuwafotokozera. Mayi akewo anali otopa. Miyezi isanu anali akusambitsa ndi kudyetsa mwamuna wamkulu, ndipo sankafunanso moto wina pakhomo. Anati adokotala ananena kuti bambo ake asamapsetsedwe mtima, kuopa kuti magazi angakwerenso. Anati achimwene awo akuwathandiza, ndipo munthu amene akukuthandiza sumuwerengera zolakwa. Anamupempha kuti achite zimene wauzidwa, kamodzi kokha aka, ndipo ulendo wina adzathira oilo wake wa m'bukuyo.

Apa ndi pamene pamandipweteka. Nusaiba sanali mbuli. Akanakhala wosadziwa, tikanati tsoka silinunkha. Koma iye ankadziwa, anali atauzidwa kawiri, kusukulu ndi padzenje la a Thomson, ndipo munthu woyenera kumva nkhaniyo anali atakhala pomwepo akumuyang'ana. Anaopa nkhope ya amalume ake kuposa mmene anaopera kupha chinthu chimene chinkawadyetsa onse.

Anavala ovolosi yake ya kusukulu, namanga bwino mpango kumutu, n'kulowa pansi pa galimoto. Anamasula nati, oilo wakale nakhuthukira m'beseni. Anasintha fyuluta mwaluso, moti ngakhale aphunzitsi ake akanamuyamikira. Kenako anatuluka, naika fanulo, n'kupendeketsa chigubu cha kuchigayo ndi manja ake awiri.

Oiloyo ankakana kutsika. Ankadzaza mu fanulo n'kuima, ndipo Nusaiba ankachita kudikira kuti alowe asanathire wina. Ntchito ya mphindi zitatu inatenga mphindi makumi awiri. Che Jabiri anaimirira pambali manja ali m'thumba, osakhudza chigubucho ngakhale pang'ono.

Ataliza injini, kanyali kofiira ka oilo kanayakabe kwa kanthawi kasanazime. Nusaiba anakaona. Koma kugogoda kuja kunachepadi, ndipo Che Jabiri anaitana mchemwali wawo kuti abwere adzamve mmene injini imalirira ikagwiridwa ndi anthu odziwa.

Che Abdulhamid anakweza dzanja lawo lamanzere, ndipo Nusaiba anapita n'kugwada pafupi ndi mpando. Anamufunsa, mawu amodziamodzi, ngati zonse zili bwino.

"Zili bwino, ababa," anatero Nusaiba, maso ali pansi.

Bambo akewo anagwedeza mutu mokhutira, n'kumusisita paphewa.

5. M'mawa wa chiperoni

Masiku anayi galimoto inayenda, ndipo masiku anayi onsewo Che Jabiri anailengeza nkhaniyo pamsika, pabawo ndi pakhomo pa mzikiti. Anatumizanso uthenga kwa a Thomson wofunsa ngati injini yafa kale.

M'mawa uliwonse kanyali kofiira kaja kankachedwerachedwera kuzima. Nusaiba anapempha amalume ake kuti azidikira kaye injini ifunde asanaponde mafuta. Iwo anati galimoto si mwana wakhanda woti azimuwotchera madzi, ndipo ankaipondereza mafuta itangolira kumene kuti, mwa kunena kwawo, idzuke.

Tsiku lachisanu kunacha ndi chiperoni chenicheni. Phiri silinkaoneka, kamvula kowaza kankalowa mpaka m'mafupa, ndipo ana opita kukatunga madzi ankayenda manja ali m'khwapa. Atangochoka kumzikiti kuswala ya m'mawa, Che Jabiri analiza galimoto. Kanyali kofiira kanakhala koyaka, iwo n'kupondereza mafuta kanyaliko kakuyakabe. Kumbuyo kunali matumba a mpunga amene anapakira dzulo lake, ndipo Nusaiba anakwera nawo kuti akathandize kutsitsa.

Anayenda pang'ono chabe. Asanafike pamsewu wa phula, pokwera kamtunda kochokera pamlatho, mluzu wa tabo unasintha n'kukhala kulira kosongoka kopweteka m'makutu. Kumbuyo kunatuluka chiutsi chobiriwira chimene chinatseka msewu wonse. Nusaiba anauza amalume ake kuti aime ndi kuzimitsa.

Che Jabiri anaima, nachotsa giya, n'kuzula kiyi. Injini sinazime. Inalirabe, ndipo liwiro lake linkakwera lokha popanda woponda mafuta. Tabo inali itasweka n'kuyamba kulavulira oilo m'njira ya mpweya, ndipo injini ya dizilo ikapeza oilo wotentha imamuwotcha ngati dizilo yemwe. Inali ikumwa oilo wake womwe, ndipo kiyi analibenso mphamvu pa iyo.

Tsono munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za lole ya ku esiteti anachita chiyani? Anatsegula chitseko, nadumpha, n'kuthamangira m'munda wa nandolo kiyi ali kumanja, akukuwa kuti iphulika. Mwana wa mchemwali wawo anamusiya m'galimoto momwemo, osacheuka n'komwe. Chipewa chawo chinatsala pamsewu.

Nusaiba anakumbukira zimene anaphunzira. Anasunthira pampando wa dalaivala, naponda buleki ndi mphamvu zake zonse, naponda kilatchi, n'kulowetsa giya yomaliza. Kenako anasiya kilatchi mwadzidzidzi. Galimoto inadumpha, inanjenjemera, ndipo m'kati mwa injini munamveka kugunda kumodzi kwakukulu. Kenako kunali zii.

Anakhala pampandopo utsi ukulowa pawindo. Amayi amene ankapita kumsika ndi madengu anaima patali akuyang'ana. Che Jabiri anatuluka m'munda muja pang'onopang'ono, akusasa masamba pa malaya, ndipo chinthu choyamba chimene ananena chinali choti anapita kukafuna mchenga wozimitsira moto.

6. Funso limodzi

Galimoto inakokedwa ndi thirakitala mpaka kwa a Thomson. Mkuluyo sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale kuti anali ndi ufulu wonse wotero. Anamasula tabo n'kuonetsa Nusaiba kachitsulo ka m'kati, kakugwedera ngati dzino lofuna kuguluka, kali kakuda ndi kupsa. Anamasula nati ya pansi, ndipo oilo anatuluka mochedwa, muli tizitsulo tonyezimira. Anati tabo yafa, ndipo injini nayo yavulala m'kati. Kuti adziwe ngati ingadzukenso, ankayenera kuiphwasula yonse.

Pamene ankafotokoza zimenezi, Che Jabiri panalibe. Anali atakwera kabaza kalekale kuti akafike ku Kaduya iwo oyamba.

Nusaiba anafika pakhomo masana, ovolosi ili yonyowa. Anapeza bambo ake pakhonde, mayi ake atakhala pamphasa akulira chamumtima, ndipo amalume ake ali pampando, kapu ya tiyi ili m'manja. Nkhani inali itakambidwa kale, ndipo anaibwereza iye akumva.

Anati iwo ndi dalaivala chabe. Anati alamu awo ananena okha pakhonde pomwepo kuti za m'kati mwa injini ndi za Nusaiba, ndipo iwo analemekeza mawuwo. Anafunsa kuti analowa pansi pa galimoto ndani, anamasula nati ndani, anagwira chigubu ndani. Anati aliyense pakhomopo anaona ndi maso ake kuti iwo manja anali m'thumba. Za oiloyo anati iwo anangopereka maganizo monga munthu wamkulu, koma wa buku ndi amene anali ndi mawu omaliza. Anamaliza ndi kudandaula kuti izi ndi zimene zimachitika mukapatsa ana ntchito ya akuluakulu.

Bodza loipitsitsa ndi limene amalimanga ndi zidutswa za zoona, chifukwa ulibe poligwira. Mayi a Nusaiba ankadziwa zonse, koma anangoyang'ana pamphasa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe ameneyu anali mchimwene wawo.

Apa Nusaiba anayankhula, ndipo anayankhula zonse. Anafotokoza za kusitolo, za mgolo wa kuchigayo, za botolo la oilo wa giya, za a Thomson amene anakana, ndi za makiyi amene amalume ake anaopseza kuti asiya. Ananenanso za munda wa nandolo. Mawu amene akanapulumutsa injini masiku asanu apitawo anatuluka onse, osatsala ndi limodzi lomwe, koma tsopano analibe choti apulumutse.

Che Jabiri anadzuka kuti akalipe, koma Che Abdulhamid anakweza dzanja, ndipo anakhalanso pansi. Wodwalayo sanayang'ane mlamu wake. Za Jabiri ankazidziwa kuyambira kale, ndipo n'chifukwa chake sanamupatse injini. Anayang'ana mwana wake, nalimbana ndi lilime kwa nthawi, mpaka mawu anatuluka.

"Pothira paja... unkadziwa?"

Nusaiba anagwada. Akanatha kunena kuti ankakayikira, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Ndinkadziwa, ababa."

"Ndinali... pompano."

Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo, mbali imene inkagwirabe ntchito, ndipo anapempha akazi awo kuti awalowetse m'nyumba. Nusaiba anadzuka kuti awagwire mkono monga ankachitira masiku onse, koma iwo anabweza mkonowo n'kutsamira khoma.

Nusaiba anatsala pakhonde. Amalume ake anamaliza tiyi wawo, natenga foni, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene anayankhula nthawi yaitali ndi mawu apansipansi.

M'mawa mwake Nusaiba analawirira ku Migowi kuti akapemphe a Thomson amulole kuphwasula nawo injiniyo, mwina pali chimene chingapulumuke. Anapeza galimoto yazunguliridwa ndi anthu awiri achilendo ochokera ku Limbe, amene ntchito yawo ndi yogula galimoto zakufa n'kumagulitsa zipangizo zake. Mmodzi ankagogoda zitseko, wina ankayang'ana matayala. A Thomson anali ataima kutsogolo kwa boneti, sipanala yaikulu ili m'manja, akukana kusuntha.

Che Jabiri anali pomwepo, atanyamula mapepala a umwini wa galimotoyo, amene Che Abdulhamid sankalola munthu wina aliyense kuwagwira. Ataona Nusaiba anamuuza kuti abwerere kunyumba, chifukwa nkhani imene inali pamenepo inali ya akuluakulu.

Nusaiba sanabwerere. Anadutsa pakati pa alendo aja, nakaima pambali pa a Thomson, n'kufunsa amalume ake, anthu onse akumva, kuti mapepalawo awapatsa ndani.